Maginito a Bambo

1. Ntchito yanga ya m'mawa

Kwathu amanditcha Chete. Dzinali linayamba ngati nthabwala, ndipo linakakamira chifukwa sindinalitsutse. Mng'ono wanga amamutcha Kanyerere, poti sakhala pansi. Chaka chimene ndikunenachi ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iye zisanu ndi ziwiri.

Kanyerere anabadwa wosamva. Ali ndi zaka zitatu madokotala anamuchita opaleshoni, n'kumuika kachipangizo pansi pa khungu, kuseri kwa khutu lakumanja. Kachipangizo ka m'katiko sikaoneka. Chooneka ndi kamakina kakunja kamene kamakoleka pakhutu. Kuchokera pa kamakinako pali kachingwe kopita ku kambale kakang'ono ngati chitsekero cha botolo. Kambaleko kali ndi maginito, kachipangizo ka m'kati nakonso kali ndi maginito, choncho ziwirizi zimagwirana khungu lili pakati. Kambale kakamatirira, Kanyerere amamva. Kakagwa, zonse zimati zii.

Ntchito yomuveka m'mawa uliwonse inali yanga. Amayi amaluka tsitsi mu saluni, Bambo amakonza mafoni ndi mawailesi, ndipo m'mawa onse awiri amakhala pa liwiro. Ine ndinkachotsa batire pa chaja, kupukuta kambale ndi kansalu kouma, kumuveka, kenako kuima kumbuyo kwake kuti asaone milomo yanga.

"Aaa," ndinkatero. Iye ankakweza dzanja. "Uuu. Mmm. Sss." Akakweza dzanja pa mawu onse, ndiye kuti tsiku layamba.

Lachisanu limenelo sanabwere yekha kudzaima patsogolo panga monga mwa masiku onse. Ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala kale diresi lake loyera, akuyang'ana zala zakumapazi. Tsikuli linali lalikulu. Makolo anaitanidwa kusukulu kwake, ndipo Kanyerere anasankhidwa kuti alakatule ndakatulo ya mizere isanu ndi itatu pamaso pa anthu onse. Kwa mwezi wathunthu m'nyumba mwathu simunkamveka nkhani ina.

Nditayandikitsa kambale kumutu kwake, kanandipulumuka m'zala n'kukadziphatika kokha. Kanyerere anatsinzina, mapewa ake anakwera. Sanalire.

"Zikupweteka?" ndinamufunsa.

"Ayi, achemwali."

"Ukunama."

"Pang'ono chabe. Musanene."

Pa pilo wake panali kadontho kachikasu, kouma, kukula kwake ngati chikhadabo. Dzulo lake ndinali nditaona kena kocheperapo, ndipo ndinangotembenuza pilo. Nditawerama kuti ndiwongole kachingwe, ndinamva kafungo kochokera m'tsitsi lake, ngati ka nsalu yonyowa imene yaiwalika m'ndowa.

2. Benchi la Bambo

Vutoli linayamba masabata awiri m'mbuyomo.

Amayi sankakonda kuti anthu aziona kamakinako. Mu saluni makasitomala ankafunsa mafunso opanda mutu, ndipo wina anafika pofunsa ngati mwanayo amamvera nako mpira. Choncho pokonzekera tsiku la ndakatulo, Amayi anamuluka tsitsi lokhuthala la meshi. Anamuluka msanga chifukwa kumapeto kwa mwezi mu saluni mumadzaza. Mzere umodzi unadutsa pamalo enieni pokhala kambale, ina iwiri n'kugwera pamwamba pake ngati katani. Linali tsitsi lokongola. Munthu wosadziwa sakanaona kanthu.

Koma tsitsi litakhuthala, maginito sankagwiranso bwino. Tsiku loyeserera kusukulu kambale kanagwa katatu. Kachitatuko Kanyerere anapitiriza kulakatula osadziwa kuti aphunzitsi amuuza kuti aime, ndipo ana anzake anaseka. Anafika kunyumba maso ali psuu.

Mawa lake Bambo anatenga kamakinako kupita nako ku kashopu kawo, ine ndili pambuyo. Kashopuko ndi kachipinda kopapatiza, koyandikana ndi ka atelala. Pa benchi pamakhala mafoni otsegula mimba, timasikuluwu tosungidwa m'zitsekero za mabotolo, ndi chowotcherera chimene utsi wake umaluma m'maso. Bambo anaphwasula kasipika kakufa, n'kuchotsamo maginito ang'onoang'ono onyezimira. Anawamata ndi guluu pamwamba pa kambale. Guluu atauma anayesa, ndipo kambale kananyamula sikuludiraiva yonse m'mwamba.

Atelala anali atasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi.

"Achimwene, mwanayu akadutsa pafupi ndi makina anga anditengera singano zonse," anatero.

"Singano zanu zobuntha zija? Akuthandizani kutaya," anayankha Bambo.

Onse awiri anaseka. Atelala atabwerera ku makina awo, Bambo anatembenukira kwa ine, nkhope itasintha.

"Chete, tamvera. Zaka makumi awiri ndakhala ndikutsegula zinthu zimene eni ake analembapo kuti musatsegule. Ndikanamvera zolembazo, bwenzi inu mukudya chiyani? Anthu akuchipatala ndi ophunzira, sindikukana. Koma ukapita akuuza kuti bwerani mwezi wamawa, ndipo tsiku la mwanayu likhala litadutsa kale. Mwana wanga sasekedwanso pagulu ine ndili ndi manja awiri. Koma iwe usakatulutse nkhaniyi. Za m'nyumba sauza anthu a yunifolomu. Akamva kuti ndagwirako atiyesa anthu osasamala, alemba m'mabuku awo, ndipo chimene chalembedwa sichifufutika. Likangodutsa tsikuli ndichotsa ndekha, palibe adziwe. Wamva?"

Ndinavomera ndi mutu.

Kuyambira tsiku limenelo kambale sikanagwenso. Kanyerere ankadumpha chingwe, kugubuduka pa mpando, koma kambale kali pomwepo. Amayi ankati, "Bambo anu akanaphunzira akanakhala dokotala."

3. Zimene ndinauzidwa kuchipatala

Panali chinthu chimodzi chimene ine ndinkadziwa, chimene makolo anga sanamve.

Miyezi itatu iliyonse Kanyerere amapita kuchipatala kuti akamuone mayi wina amene amachuna kamakinako pa kompyuta. Kwathu timawatcha Mayi a Makutu. Ndi munthu wamfupi, wa imvi, wovala magalasi a chingwe. Ulendo womaliza ndinaperekeza Amayi. Foni yawo italira anatuluka panja kukayankha, ndipo Mayi a Makutu anandifunsa kuti amamuveka mwanayu m'mawa ndani. Ndinadziloza pachifuwa.

"Ndiye iwe ndiwe maso athu," anatero. "Tsiku lililonse usanamuveke, patula tsitsi uone khungu. Likhale lofanana ndi khungu lina lonse. Maginito awa tinachita kuwayeza, si ongotola. Akachepa mphamvu kambale kamagwa, ndipo zimenezo n'zotopetsa chabe. Mumabwera kuno, timasintha. Koma akachuluka mphamvu amafinya khungu tsiku lonse, magazi osadutsa. Tayesa kudzitsina pamkono kuyambira m'mawa mpaka madzulo, uone. Poyamba pamafiira, kenako pamatupa, kenako pamabooka chilonda. Pansi pa chilondacho pali kachipangizo, ndipo waya wake amalowa mpaka m'kati mwa khutu, pafupi ndi ubongo. Tizilombo tikapeza khomo pamenepo, ndiye kuti njira yatseguka."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana m'maso. Ine ndinayang'ana pa tebulo.

"Ndinaonapo ana amene tinawachotsa kachipangizo chifukwa cha kachilonda kochepa ngati nyemba. Zaka zonse zophunzira kumva ndi kulankhula zinaima pamenepo. Ndinaonanso zoposa apa, koma sindikuuza lero. Ukaona kufiira, vula kamakina. Ukaona mafinya, kapena thupi likatentha, usadikire mawa, usadikire Lolemba, usadikire chilolezo cha munthu. Ndakuona kuti ndiwe wamanyazi. Manyazi si tchimo, mwanawe, koma mbewa ya manyazi inafera ku una."

Mawu onsewa ndinawakumbukira nditaima pa benchi la Bambo, guluu akuuma. Pakamwa panga sipanatseguke. Ndipo chilukireni tsitsi lija sindinaonenso khungu, chifukwa mizere inali yothina moti chala sichinkalowa. Kwa masiku khumi ndi anayi ndinkamuveka osaona pamene ndikumuveka.

4. Maola atatu okha

Lachisanu lija tinakhala pa tebulo kumwa tiyi. Kanyerere sanagwire buledi wake. Amayi ankasita malaya a Bambo chapakona, uku akuyang'ana wotchi.

"Amayi," ndinatero, "Kanyerere sakupeza bwino."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, iwe. Ukamalankhula choncho nanenso ndifuna kamakina."

"Ndikuti sakupeza bwino."

Amayi anaimika simbi, n'kudzaika dzanja pachipumi pa Kanyerere.

"Watenthako pang'ono. Ndi mantha a pagulu amenewa. Inenso tsiku loyamba kuluka kasitomala ndinatentha thupi." Anatsegula kabati, n'kumupatsa theka la piritsi ndi madzi.

"Ndimafuna ndione pansi pa tsitsi," ndinatero.

"Tsitsi limene ndinaluka maola anayi, msana kuchita kuuma? Uligwire uone."

Bambo anaika kapu pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndi nkhani ija?"

Ndinayang'ana m'kapu yanga.

"Ndinati likadutsa tsikuli. Kwatsala maola atatu okha. N'chiyani chingachitike m'maola atatu?" Anagwada pafupi ndi mpando wa Kanyerere, n'kumugwira chibwano. "Kanyerere wanga, pali pamene pakupweteka?"

Kanyerere anandiyang'ana kaye ine, kenako iwo.

"Ayi, Bambo."

"Ulakatula lero?"

"Eya."

"Wamva wekha," anatero Bambo kwa ine. Anapsompsona Kanyerere pachipumi, ndipo ndinaona kuti atadzuka anakhudza milomo yawo ndi zala, ngati munthu amene wamwa tiyi wotentha.

Anapangana kuti Amayi akaluke kasitomala mmodzi, Bambo akatsegule kashopu kwa ola limodzi, kenako onse akakumane ku holo ya sukulu. Ine ndinapempheredwa kusukulu kwanga tsiku limenelo kuti ndiperekeze mwana.

"Ufike naye isanakwane naini," anatero Amayi ali pakhomo. "Diresi lisade. Ndipo tsitsi limenelo ndikalipeze momwe lilili."

5. Sizasi ya Amayi

Chitseko chitatsekedwa, m'nyumba munangotsala phokoso la wotchi. Kanyerere anatsika pa mpando n'kukhala pansi, atatsamira mwendo wa tebulo. Kukhala pansi atavala diresi loyera si khalidwe lake.

"Achemwali," anatero, "mutu."

Ndinagwada kumbuyo kwake, n'kulowetsa zala pansi pa mizere iwiri ya pamwamba. Kambale sikanafune kuchoka. Nditakoka mwamphamvu, Kanyerere anakuwa kamodzi, kenako anadzitseka pakamwa ndi manja. Kunsi kwa kambale kunali konyowa, komata.

Ndinayesa kupatula mzere wapansi. Unali utamatirira pakhungu. Kuumasula bwinobwino kukanatenga ola, ndipo kukoka kulikonse kunkamupweteka.

Sizasi yotsala ya Amayi imakhala mu dilowa ya kuchipinda kwawo. Ndinali ndisanalowemo popanda kutumidwa. Tsiku limenelo ndinalowa.

Ndinadula mizere iwiri ya pamwamba. Wachitatu ndinaudula mbali zonse ziwiri, ndipo ndinaunyowetsa ndi madzi owiritsa otsala mu ketulo mpaka unanyamuka.

Chilondacho chinali chozungulira, kukula kwake ndendende ngati kambale. M'mbali mwake munatupa, khungu likunyezimira. Pakati panali pobooka, pozama, podzaza mafinya. Kutupako kunatsika mpaka kuseri kwa khutu, ndipo khutulo linali litakankhidwira kutsogolo. Nditaika dzanja pakhosi pake, panali potentha kuposa pachipumi.

Kanyerere anaona tsitsi lake lili pansi. Analitola, n'kunditembenukira. Popanda kamakina samva, choncho ndinakhala patsogolo pake kuti aone milomo yanga, ndipo ndinalankhula pang'onopang'ono.

"Tikupita kuchipatala."

Anapukusa mutu, kenako anaugwira chifukwa kupukusako kunamupweteka.

"Ndakatulo," anatero. Akavula kamakina mawu ake amatuluka aakulu, osawongoka.

"Chipatala kaye."

"Ndikunenezani kwa Amayi. Mwadula."

"Ukandineneze."

Anatambasula dzanja kuti alande kamakina. Ndinakaika m'kabokosi kake, momwe mumakhalanso khadi lake la kuchipatala, n'kuponya kabokosiko m'chikwama changa. Anandimenya pamkono ndi kankhonya kopanda mphamvu. Pachilonda ndinaphimba ndi kampango koyera, ndipo pamwamba ndinamuveka chipewa changa chachikulu.

Ndinayamba kulemba kakalata koti ndisiye pa tebulo. Nditalemba mawu awiri ndinakumbukira kuti palibe amene abwerere kunyumba, onse apita ku holo. Ndinasiya cholembera, n'kukiya chitseko.

6. Pamphambano

Msewu wochokera kwathu umagawikana pawiri. Kumanzere ndi kusukulu kwa Kanyerere. Kumanja ndi kumene kumaima maminibasi, ndipo kuti ukafike kumeneko umadutsa kutsogolo kwa mashopu.

Kumanzere kunkamveka munthu akuyesa chimkuzamawu. Ana ovala zoyera ankapita m'timagulu, ena atagwirana manja ndi amayi awo. Kanyerere sankamva chimkuzamawucho, koma anawaona anzake, ndipo anayamba kundikokera kumeneko. Ndinamugwira dzanja zolimba. Tinakokana pakati pa msewu mpaka mphamvu zinamuthera, n'kukhala pansi m'fumbi.

Ndinamubereka, n'kukhotera kumanja.

Kashopu ka Bambo kanali kotseka kale, loko ali lende. Atelala anali panja akukutumula nsalu.

"Chete, kodi wasokera? Sukulu ili uko. Bambo ako angonyamuka kumene, atavala ngati akukafunsira mbeta."

Ndinapitirira.

"Iwe mwana, wamkulu akamalankhula amayankhidwa. Mwanayo watani?"

"Wadwala," ndinatero osatembenuka.

Mu minibasi tinapeza malo kumbuyo. Kondakitala ataona diresi loyera anati, "Mkwatibwi ndi ameneyu, nanga mkwati mwamusiya kuti?" Anthu anaseka. Kanyerere anaona mano awo, ndipo anabisa nkhope pa phewa langa.

Titayenda pang'ono anadzutsa mutu n'kuyamba kulakatula, maso ali pa mpando wakutsogolo. Sankadzimva, choncho mawu ake anadzaza galimoto yonse.

"Mvula ikagunda padenga, ndimaimva. Chitseko chikalira, ndimachimva. Amayi akandiitana kuseri kwa nyumba..."

Anaima pamenepo. Milomo yake inkafunafuna mzere wachinayi, umene ankaudziwa ngakhale kutulo, koma sunabwere. Anayambanso poyamba, n'kuima pamalo omwewo. Anthu onse anali atatembenuka. Kenako anasanza.

Mayi wina amene anakhala pafupi nafe anakhuthula zinthu zake m'jumbo n'kundipatsa jumbolo. Anagwira mwanayo patsaya.

"Akutentha ngati simbi. Amayi ake ali kuti?"

"Kuntchito."

"Nanga iwe ndiwe ndani?"

"Mkulu wake."

"Adalaivala," anatero mayiwo mokweza, "musaimenso paliponse. Okwera akwera ina."

Kondakitala anafuna kuyankha, koma atayang'ana kumbuyo anatseka chitseko. Dzuwa linkalowa pa zenera, ndipo Kanyerere anakokera chipewa kumaso, n'kuphimbanso ndi manja onse awiri.

7. Pamzere

Kuchipatala mabenchi onse anali odzaza. Kalaliki wa pa zenera anatenga khadi osandiyang'ana.

"Tsiku lake si lero. Kholo lili kuti?"

"Kulibe."

"Vuto n'chiyani?"

Ndinayankha, koma mawu anga anathera pa galasi. Kumbuyo kwanga munthu wina anatsonya.

"Khalani pamzere, muitanidwa," anatero kalaliki, n'kundipatsa kapepala ka nambala.

Ndinakhala kumapeto kwa benchi lomaliza, Kanyerere ali pamiyendo panga. Patsogolo pathu panali mabenchi asanu ndi limodzi. Namwino ankatuluka, kuitana munthu mmodzi, n'kutseka chitseko. Anthu ankasendera pang'ono, kenako kudikiranso.

Kanyerere anasiya kundikankha. Anasiyanso kulira. Nditamugwedeza anatsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Pa kampango panaonekera chikasu.

Ndinaimirira naye m'manja, n'kudutsa pakati pa mabenchi. Anthu anayamba kung'ung'udza. "Ifenso tabwera kalekale." "Ana a masiku ano." Ndinkangoyang'ana pansi, pa mzere wobiriwira umene umalondolera ku chipinda cha makutu. Pakhomo la khonde panaima mlonda, ndipo anatambasula mkono.

"Nambala yako yaitanidwa?"

"Ayi."

"Ndiye bwerera."

Kumapeto kwa khonde ndinaona chitseko chotsegula pang'ono.

"Mayi a Makutu!" ndinaitana. Sindinadziwe kuti ndili ndi mawu aakulu chotero. "Pali mafinya, ndipo thupi latentha!"

Chitseko chija chinatseguka, ndipo Mayi a Makutu anatuluka ali ndi cholembera m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana mwanayo.

"Musiyeni adutse," anauza mlonda.

M'chipinda anamugoneka chammbali, n'kunyamula kampango pang'onopang'ono. Anatuma namwino kuti akaitane adokotala, ndipo namwinoyo sanayende, anathamanga.

"Kamakina kali kuti?"

Ndinawapatsa kabokosi. Anatulutsa kambale, n'kukatembenuza. Maginito a m'sipika aja ankanyezimira pamwamba, guluu atayenderera m'mbali. Anakayandikitsa ku kabati yachitsulo, ndipo kanadumpha n'kukamatirira ndi phokoso.

"Wamata ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Sindikufunsa kuti ndimange munthu. Ndikufuna kudziwa kuti ndi maginito a chiyani, ndipo akhalapo masiku angati. Adokotala afunsa zomwezi."

"Ndi a m'sipika," ndinatero. "Masabata awiri. Anamata Bambo, chifukwa kankagwa. Ine ndinalipo."

"Unalipo."

"Eya."

"Zimenezo tikamba tsiku lina. Lero wabwera naye. Gwira dzanja lake."

8. Foni ya pakhoma

Adokotala anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula. Anayang'ana chilonda, anayeza kutentha kwa thupi, anaunika m'khutu ndi m'maso. Kuwala kutamufika m'maso, Kanyerere anabuula.

Kenako anamugoneka chagada. Analowetsa dzanja pansi pa mutu wake, n'kuunyamula pang'ono kuti chibwano chifike pachifuwa. Khosi linakana. Mawondo ake anadzipinda okha, ndipo analira kulira kumene ndinali ndisanamumvepo.

Adokotala ndi Mayi a Makutu anayang'anana.

Zinthu zinayamba kuchitika mofulumira. Namwino anabwera ndi botolo la diripi, wina anakankha bedi la matayala. Kanyerere ankayang'ana milomo ya anthu onsewa, koma iwo anali atavala zophimba pakamwa. Anatembenukira kwa ine. Ndinamuonetsa ndi manja kuti ndili pompano.

"Ndiwe mkulu wake?" anafunsa adokotala.

"Eya."

"Mvetsetsa. Tikuopa kuti matenda alowa m'kati, ndi aja oumitsa khosi. Mankhwala tayamba kale, amenewo sitidikira munthu. Koma chilondachi chikuoneka kuti chafika pa kachipangizo. Ngati zili choncho tiyenera kulowa naye ku opaleshoni lero lomwe, ndipo mwina kachipangizoko kachotsedwa. Pamenepo pakufunika dzanja la kholo. Nambala ya bambo ako ukuidziwa?"

Anandilozera foni ya pakhoma. Zala zanga zinaphonya kawiri. Kachitatu inaitana, ndipo anayankha nthawi yomweyo. Kumbuyo kwawo kunkamveka anthu ambiri ndi chimkuzamawu.

"Bambo, ndine."

"Chete, muli kuti? Aphunzitsi amuitana kawiri. Amayi ako aima pageti chifikireni."

"Tili kuchipatala. Pansi pa kambale pali chilonda. Adokotala akuti matenda alowa m'kati. Akuti mubwere msanga mudzasaine, mwina apita naye ku opaleshoni."

Ku holo anthu ankawomba m'manja, kuwombera mwana wa munthu wina.

"Kamakina kali kuti?" anafunsa Bambo, mawu atatsika.

"Kali ndi iwo."

"Aona?"

"Aona. Anandifunsa, ndawauza."

"Wawauza kuti chiyani?"

"Kuti munamata ndinu. Ndi kuti ine ndinalipo."

Ndinamva kupuma kwawo. Kenako ndinamva mawu a Amayi akuyandikira. "Ndi Chete ameneyo? Akuti ali kuti? Bambo a Chete, ndikufunsa inu." Foni inaduka.

Nditatembenuka, bedi la matayala linali litafika kale kumapeto kwa khonde. Ndinangoona mapazi a Kanyerere, nsapato imodzi itavuka, kenako zitseko ziwiri zinatsekeka.

Namwino anaima pafupi nane ndi pepala lokhala ndi mzere wopanda kanthu kumunsi kwake.

"Akubwera?" anafunsa.

"Sananene."

Namwino anayang'ana adokotala. Adokotala anayang'ana wotchi yawo ya pamkono, kenako khomo lolowera, kumene anthu ankalowa mmodzimmodzi, onse achilendo.